Hilux 3.0 D-4D yasiya kukoka pa chitunda, ndithandizeni ndisanagule turbo

Bambo a Tadala (Mitundu):
Mwaswera bwanji akuluakulu. Galimoto yanga ndi Hilux 3.0 D-4D ya 2010, ya giya yapamanja, yayenda makilomita 287,000. Ndimanyamulira soya ndi mtedza kupita ku Lilongwe, nthawi zina mpaka ku Blantyre. Papita milungu itatu ikulemera. M'tauni simungadziwe kwenikweni, koma ndikadutsa pa Linthipe kulowera ku Dedza ndimaponda moto mpaka pansi, iyo osasuntha. Pamene ndinkakwera pa giya 4 nditasenza matumba 15, pano ndikubwerera mpaka pa 2. Kawiri konse nyali ya check engine yayaka, galimoto n'kufookeratu. Ndikaima, kuzimitsa, n'kulizanso, mphamvu imabwerera koma osati yonse.

Makaniko woyamba anati ndi sensa ya mpweya ija yokhala pafupi ndi eyakilina, MAF. Ndinagula yatsopano, palibe chinasintha. Wachiwiri dzulo wangoimvetsera n'kunena kuti turbo yafa. Mtengo umene ndauzidwa ndi wa feteleza wa munda wanga wonse. Mtima sukundilola kugula ndisanamve maganizo anu.

Madala a Mathiraki:
Mwana wanga, tayamba wandiyankha ichi. Masiku aja mafuta anasowa, unkathira kuti dizilo?

Bambo a Tadala (Mitundu):
Sindingabise madala. Nditagona pamzere masiku awiri osapeza, ndinagula wa m'zigubu kawiri. Katundu wa anthu anali akudikira.

Madala a Mathiraki:
Ndiye yambira pomwepo. Chigubu sudziwa chinasungapo chiyani, ena amasakaniza ndi parafini, ena madzi amalowa okha chikamagona panja. Injini zathu zakale zija zinkameza chilichonse, koma za common rail izi, zopopa dizilo ndi presha yaikulu, n'zosankha. Tsegula kampopi ka pansi pa fyuluta ya mafuta, ukhetsere m'botolo loyera, ulisiye lidikhe. Madzi akakhalamo amatsikira pansi, uwaona ndi maso ako. Fyulutayo unasintha liti?

Bambo a Tadala (Mitundu):
Chaka chatha mwezi wa 8, ngati sindikulakwitsa.

Junior wa Sikana:
Bwana musavutike. Tsekani EGR, valavu ija yobweza utsi mu injini, ndi kachitsulo basi, galimoto iuluka. Ambiri tikuwapangira zomwezo.

Makaniko wa ku Biwi:
Junior, dikira kaye. Sitinadziwe n'komwe chimene chadwala, iwe wayamba kale kudula. A Bambo a Tadala, pepani ndi vutoli. Ndili ndi mafunso. Mukaponda moto pa chitundapo, kumbuyo kukutuluka utsi wakuda? Mukumva phokoso ngati mpweya ukuthawa, ngati tayala likuphwa? Ndipo chachikulu, alipo amene analumikiza makina aja a sikana n'kuwerenga makhodi a zovuta amene kompyuta ya galimoto imasunga? Ngati alipo, manambala ake ndi ati? Osati zimene anakuuzani pakamwa, manambala enieniwo.

Bambo a Tadala (Mitundu):
Utsi kulibe amakaniko. Ndipotu kale inkatulutsako pang'ono ndikaponda mwadzidzidzi, pano ngakhale umenewo kulibe. Phokoso la mpweya sindinalimve. Makhodi anawerenga mnyamata wina amene makaniko woyamba uja anamuitana. Anandilembera pa pepala: P0102 ndi P0299.

Makaniko wa ku Biwi:
Mnyamatayo asanabwere, makanikoyo anagwirako pulagi ya MAF?

Bambo a Tadala (Mitundu):
Eya. Anaizula injini ikulira, akuti aone ngati kaliridwe kasinthe. Kenako anabwezera.

Makaniko wa ku Biwi:
Ndiye P0102 yachokera pamenepo. Khodi imeneyo imatanthauza kuti kompyuta ya galimoto yalandira magetsi ochepa kwambiri kuchokera ku MAF. Mukazula pulagi kiyi ali on, kompyuta imalemba zimenezo n'kusunga. Mnyamata uja anapeza khodi yobadwa tsiku lomwelo, n'kuiyesa matenda. Sensa yanu yakale mwina inalibe mlandu.

Khodi yoona ndi P0299. Imeneyo ikuti mpweya umene turbo ikukankhira mu injini ndi wochepa poyerekeza ndi umene kompyuta ikufuna. Koma mvetsani apa. Kompyuta ilibe maso. Siiona turbo. Imangomva zimene yauzidwa ndi sensa ina yaing'ono yoyeza presha ya mpweya yotchedwa MAP, ena amati boost sensor. Ndiye P0299 ikhoza kubwera turbo itafadi, ikhoza kubwera paipi ya intercooler yoziziritsa mpweya wa turbo itang'ambika, ikhoza kubwera EGR itakanirira yotsegula, ikhozanso kubwera turbo ili bwinobwino koma uthenga sukufika kwa MAP. Njira zinayi, mitengo inayi yosiyana kutalitali.

Utsi ndi umene ukundipatsa poyambira. Paipi yaikulu ikang'ambika, mpweya umene MAF yawerenga kale umathawira panja, mafuta n'kuchuluka, utsi wakuda tolotolo, ndipo pamalo pong'ambikapo pamakhala ponyowa ndi oyilo. Inu mukuti utsi wachepa. Ndiye kuti injini ikupatsidwa mafuta ochepa. Kaya kompyuta ikumana dala chifukwa ikuganiza kuti mpweya palibe, kaya mafutawo sakufika monga anenera madala.

Make Chisomo (Chilomoni):
Ndilowereko abambo. Yanga ndi Fortuner, injini yake ndi yomweyi ya 1KD. Chaka chatha inandivuta pokwera kuchokera ku Chikwawa, pa mapiri a ku Thabwa paja, nditanyamula ana ndi katundu. Vuto linali SCV, kavalavu kokhala kumbuyo kwa pampu ya mafuta. Koma yanga inkachita zina: m'mawa inkanjenjemera ikangolira, pa maloboti inkazima yokha, ndipo mphamvu inkabwera n'kupita ngati wina akuseweretsa switchi. Khodi yake inali P1229. Yanu ikuzima pa maloboti?

Bambo a Tadala (Mitundu):
Ayi mayi, ikalira imakhala phee, yosanjenjemera. Kungoti siikoka.

Make Chisomo (Chilomoni):
Ndiye mwina si SCV. Ndanena kuti wina asakugulitseninso imeneyo mosayeza, poti ine ndinagula zinthu ziwiri zosafunika ndisanafike pa iyo, ndipo zimandiwawabe.

Achimwene a ku Joni:
Ndangotuluka kumene ku ntchito. Kuno ku Johannesburg ndimagwira mu galaja ya madizilo, ma Hilux amenewa amapangidwa ku Durban ndiye timawaona tsiku ndi tsiku. Ndikugwirizana ndi a ku Biwi. Turbo sitiiweruza ndi khutu. Injini itazima ndi kuzizira, chotsani paipi yolowera ku turbo, mugwire kachitsulo kozungulira ka pakati pa mapiko a turbo. Kakamagwedera pang'ono cham'mbali n'zabwinobwino, koma kasamapite mkati ndi kunja, ndipo mapiko asakhale okhukhuzika m'mbali. Chinanso, turbo ya 1KD ili ndi kamota kamagetsi kamene kamasuntha timapiko tam'kati. Wina alize ndi kuzimitsa injini, inu muyang'ane kamkono kake ngati kakuyenda momasuka.

Koma chimene chithetse mkangano ndi live data. Junior, sikana yakoyo imaonetsa manambala galimoto ikuyenda?

Junior wa Sikana:
Imaonetsa achimwene. MAP, MAF, rail pressure (presha ya mafuta opita ku mainjekita), zonse.

Achimwene a ku Joni:
Ndiye kumanani mawa. Poyamba kiyi on, injini osaliza, ulembe nambala ya MAP. Kenako mukwere nonse, bambo ayendetse, iwe maso pa sikana. Giya 3, chitunda, moto pansi kuyambira 1,500 mpaka 3,000 rpm. Ulembe MAP yafika pati, komanso rail pressure imene kompyuta ikufuna ndi imene ikupezekadi. Osafufuta makhodi usanawajambule.

Junior wa Sikana:
Zamveka. Koma EGR ija ndikunenabe, ikatsekedwa mwaye sulowanso.

Makaniko wa ku Biwi:
Zoti mwaye umachokera ku EGR sukunama mng'ono wanga. Utsi umene imabweza ukakumana ndi nthunzi ya oyilo yochokera ku breather, paipi yopumira injini, zimapanga phala lakuda limene limamata m'manifold, mapaipi olowetsa mpweya mu injini, mpaka njira kuchepa. Koma EGR anaiikapo kuti ichepetse kutentha kwa moto mu silinda, utsi woipa uja wa NOx uchepe. Ndipo pa zina mwa galimotozi kompyuta imayang'ana MAF kuti idziwe ngati EGR yatsegukadi. Ukatseka ndi chitsulo imazindikira, n'kukupatsa P0400, nyali n'kuyakanso. Mwini galimoto amabwera ndi vuto limodzi, n'kubwerera ndi awiri. Ine ndimamasula, kutsuka, kubwezera.

Adimini:
Nkhani ya EGR tinakambirana kale mwezi watha, isatisokoneze. Tidikire manambala mawa.

*Lachitatu masana*

Junior wa Sikana:
Tayeza. Ndipo vuto ndalipeza tisananyamuke n'komwe. Kiyi on, injini yozima, MAP ikuonetsa 89 kPa. Imayenera kuonetsa 101. Sensa yafa, agule ina.

Achimwene a ku Joni:
Muli kuti pamene mukuyezerapo?

Junior wa Sikana:
Ku Area 36, Lilongwe.

Achimwene a ku Joni:
Ndiye sensayo ikunena zoona. 101 amene unawerengayo ndi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, ku Beira kapena ku Durban. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, mpweya wake ndi wopepuka, ndiye 89 kapena 90 n'zolondola. Ukapita nayo ku Salima kunyanja ikuonetsa cha m'ma 95. Ukakwera ku Dedza itsika cha m'ma 84. Kuno ku Joni timaona 82, 83, ndipo palibe amene amataya sensa chifukwa cha zimenezo.

Makaniko wa ku Biwi:
Junior, nambala imeneyi uisunge m'mutu, ikupulumutsa kwa makasitomala ambiri. Ndipo ikutiuzanso chifukwa chimene vuto la bambowa limakulira ku Dedza. Kumeneko injini imadalira turbo kwambiri poti mpweya wakunja ndi wochepa kale. Tsopano manambala a poyenda?

Junior wa Sikana:
Pepani, ndaphunzirapo. Poyenda: moto pansi, 2,500 rpm, MAP yangofika 118, ndipo imakwera pang'onopang'ono ngati ikuchita ulesi. Rail pressure ikalira chabe ili cha m'ma 30 MPa. Pa chitunda imene ikupezeka ikutsatira imene ikufunidwa, koma pamwamba penipeni inatsalira pang'ono kamodzi. MAF yokha ndiye ikukwera msanga tikangoponda.

Achimwene a ku Joni:
Apo ndiye pali nkhani. Yabwinobwino imayenera kufika pakati pa 180 ndi 200, ndipo msangamsanga. Tsono taonani, MAF ikuti mpweya wambiri ukulowa, MAP ikuti palibe. Masensa awiri akutsutsana. Turbo yakufa singakoke mpweya wochuluka chonchi kudutsa pa MAF. Mpweyawo ukanakhala ukuthawira panja tikanaona utsi. Chatsala n'chakuti MAP sikumva.

Makaniko wa ku Biwi:
A Bambo a Tadala, tsegulani boneti. Ipezeni MAP, kasensa kakuda ka mawaya atatu. Pansi pake pali kapaipi kalabala koonda ngati cholembera. Katsatireni ndi chala mpaka ku manifold. Panjira mupeza kafyuluta kapulasitiki kozungulira, kakang'ono ngati chitsekerero cha botolo. Zulani zonse, muziyang'ane padzuwa, mupinde kapaipiko kuti ming'alu ioneke. Muuziremo ndi pakamwa.

Bambo a Tadala (Mitundu):
Amakaniko! Kafyuluta kaja kang'ambika m'mbali, mng'alu wautali ndithu, ndipo kanali konyowa ndi zakuda. Kapaipi kochokera ku manifold ndauzira, mpweya ukudutsa movutikira. Junior wapisamo kawaya, mwatuluka phala lakuda lolimba ngati phula. Zaka zonsezi sindinadziwe kuti pali kanthu kotere.

Makaniko wa ku Biwi:
Ndi ameneyo wakuba mphamvu wanu. Mpweya wochepa umene umadutsa pa phalalo umathawiranso pa mng'alu, sensa n'kumauza kompyuta kuti turbo sikukankha. Kompyuta imamana mafuta kuti isatulutse utsi, ndipo ikaona kuti zapitirira imalowa mu limp mode, kufooketsa galimoto dala, kuteteza injini. N'chifukwa chake mukazimitsa n'kulizanso imayambiranso bwino, kenako n'kugwanso.

Koma ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Kompyuta ikamaganiza kuti mpweya ndi wochepa, imatseka timapiko ta turbo kuti izungulire kwambiri. Ndiye kuti milungu itatu yonseyi, pamene inu mumaona ngati turbo yagona, iyo imagwira ntchito yopyola muyeso. Musakwere nayonso chitunda mutasenza mpaka mutasintha kafyulutako, ndipo muyezebe kugwedera kuja anena a ku Joni.

Madala a Mathiraki:
Ndakondwa mwapeza. Koma botolo langa lija bwanji? Mnyamatayu wanena yekha kuti presha ya mafuta inatsalira pamwamba.

Bambo a Tadala (Mitundu):
Madala munalondola nanunso. Takhetsa, pansi pa botolo pali madzi okwana supuni ziwiri ndi tizinyalala tofiira ngati dzimbiri. Fyuluta titaichotsa ndi yakuda bii.

Madala a Mathiraki:
Sintha lero lomwe, ndipo usagule yotchipa yopanda dzina. Pakatha milungu iwiri ukhetsenso, chifukwa zina zikadali m'thanki. Mainjekita a galimoto zimenezi timabowo take n'tating'ono ngati tsitsi, madzi akafikako ndiye udzalira zenizeni. Ukadzakakamizikanso kugula wa m'chigubu, uzimusiya adikhe usiku wonse, uthire wapamwamba kudzera pa nsalu yoyera, wapansiyo umusiye.

Make Chisomo (Chilomoni):
Funso langa kwa amakaniko. Kafyuluta kameneka kamasinthidwa pa sevisi? Pa malisiti anga onse sindinakaonepo.

Makaniko wa ku Biwi:
Ambiri sitikakumbukira mayi, n'chifukwa chake kamafika pong'ambika. Kutentha kwa injini kumaumitsa pulasitikiyo. Pa galimoto yopyola makilomita 200,000 muziuza makaniko wanu akayang'ane nthawi iliyonse akusintha fyuluta ya mafuta. Ndi ntchito ya mphindi zisanu.

Ndionjezerepo za MAF poti tayamba kale. Nyengo ya fumbi ino, makamaka inu oyenda misewu ya kumudzi, kawaya kam'kati mwake kamakutidwa n'kuyamba kuwerenga mochepa. Mankhwala ake ndi sipuleyi yotsukira zamagetsi. Osathira petulo, osakhudza kawayako ndi chala kapena burashi, ndipo muidikire iume musanabwezere. Komanso chizolowezi chopopera eyakilina ndi kompuresa tichepetse. Pepala lija limabooka timabowo tosaoneka, fumbi n'kumadutsa kupita ku MAF ndi ku mapiko a turbo. Kuigogoda pang'ono n'kokwanira, ikada musinthe.

Achimwene a ku Joni:
Kafyulutako kakasowa ku Lilongwe mundiuze, nditumiza ndi basi ya Lachisanu. Koma musalumikize kapaipi molunjika popanda fyuluta n'kuiwala, mwaye udzafika pa sensa yeniyeniyo.

Bambo a Tadala (Mitundu):
Zikomo achimwene, ndakapeza m'tauni momwemuno pamodzi ndi kapaipi katsopano ndi fyuluta ya mafuta. Turbo tayeza, kachitsulo kaja sikakupita mkati ndi kunja, mapiko ndi osalala, kamkono ka mota kakuyenda.

*Lachisanu usiku*

Bambo a Tadala (Mitundu):
Ndabwerako ku Dedza. Matumba 15 omwe aja, Junior ali pambali ndi sikana yake. Chitunda chija ndakwera pa giya 4, nyali sinayake, MAP inafika 186. Ndinachita kuimitsa pa Dedza n'kutsika kuiyang'ana galimotoyo, chifukwa Lolemba ndinali nditayamba kale kufunsa amene angagule ng'ombe zanga ziwiri. Mulungu akudalitseni nonse.

Pali kanthu kamodzi Junior waona, akuti ndikufunseni.

Junior wa Sikana:
Ndinatsegula manambala a mainjekita injini itatentha. Silinda 1 ili -0.6, ya 2 ili -0.9, ya 4 ili -0.8, koma ya 3 ili +2.4. Ulendo uno sindikunena kuti yafa, ndikufunsa.

Achimwene a ku Joni:
Wafunsa bwino. Manambala amenewo akuonetsa mafuta amene kompyuta ikuonjezera kapena kuchotsa pa silinda iliyonse kuti injini ilire mofanana. Malire ake ndi 3.0 mbali zonse ziwiri. Ya nambala 3 ikadali m'kati, koma yatalikirana ndi zinzake. Uyezenso m'mawa injini ili yozizira, ndiye udzayezenso pakatha mwezi, dizilo woyera atadutsamo. Ikamakwerabe ikufunika kuchotsedwa ikayezedwe pa benchi. Ndipo ikadzasinthidwa, injekita iliyonse ili ndi khodi yake ya zilembo ndi manambala 30 yolembedwa pamutu, imeneyo imayenera kulowetsedwa mu kompyuta. Amene akuika injekita osalowetsa khodi sanamalize ntchito.

Make Chisomo (Chilomoni):
Bambo, pa makilomita amenewo, mawashala a pansi pa mainjekita anasinthidwapo? Ine makaniko wanga anandionetsa. Akayamba kudontha, utsi umalowa mu oyilo, n'kupanga makala amene amakatseka sefa ya pampu ya oyilo m'sampu. Injini imafa ndi njala ya oyilo muli oyilo wodzaza.

Bambo a Tadala (Mitundu):
Chigulireni sindinasinthitsepo mayi. Mwini wake woyamba sindikudziwa.

Makaniko wa ku Biwi:
A Make Chisomo anena chinthu chachikulu kuposa zonse takambazi. Pothira oyilo wina, wakale akatha kukha, muunikire ndi tochi pa bowo la sampu, sefayo imaoneka. Ikakhala ndi makala musachedwe. Ndipo phala munapeza m'kapaipi lija likutiuza kuti manifold nayo yadzaza. Ndi ntchito ya tsiku lathunthu: kumasula EGR ndi manifold, kutsuka, kuika magasiketi atsopano. Mukamachita imeneyo ndi nthawi yabwino yosinthiratu mawashala. MAF yanu yakale ija ili kuti? Ngati ndi ya Denso imene inabwera ndi galimoto, itsukeni mubwezere, yatsopanoyo musunge.

Bambo a Tadala (Mitundu):
Inatsala kwa makaniko woyamba uja, ndikaifunsa mawa popita ku msika. Soya wa sabata ino ndikangopereka ndibwera nayo ku Biwi Loweruka linalo m'mamawa. Magasiketi ndi mawashala ndigule ndekha kapena mukagula ndinu?

Makaniko wa ku Biwi:
Tikagulira limodzi, mubwere ndi nambala ya chassis. Junior, nawenso ubwere ndi sikana, tidzayeze nambala 3 injini isanatenthe.